Ana a ku Malambo ndi Khomo la Sekondale

Anyamata ndi atsikana, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka mumamva anthu akufunsana pamsika ndi m'mabasi kuti, "Kodi ku Mfuwe Day akhoza angati? Nanga ku Mambwe Boarding?" Ena amalinganiza masukulu amenewa ndi Chizongwe kapena St. Monica's a ku Chipata, namapukusa mitu. Koma pali funso limene silifunsidwa kawirikawiri. Kodi ana amene analemba mayesowo ndi a yani, ndipo anafika bwanji pa desikipo? Kuti tiyankhe, tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 100.

Sukulu inalowa m'dziko la Akunda pamodzi ndi mishoni. Ca m'ma 1910 a Anglican anatsegula mishoni ku Msoro, ndipo amene anaikidwa kuyamba nchitoyo anali wansembe wacikuda, Leonard Kamungu, wocokera ku Nkhotakota m'dziko limene lero ndi Malawi. Anagwira nchito zaka zowerengeka cabe, namwalira komweko mu 1913. Pambuyo pace a Dutch Reformed anakhazika mishoni yawo ku Kamoto. Masukulu a nthawi imeneyo anali a m'midzi, a mitengo ndi udzu, ophunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono. Sekondale inali nkhani ya kutali.

Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha amene anatsiriza yunivesite. Boma la a Kenneth Kaunda linamanga masekondale ambiri, koma cigwa cathu cinali pansi pa boma la Chipata, ndipo Mambwe anadzakhala boma payekha m'zaka za m'ma 1990. Motero kwa nthawi yaitali mwana wa kwa Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama kapena Msoro wofuna Fomu 1 anayenera kunyamula katundu wace ndi kukwera kumtunda.

Mayeso a Giredi 7 ndi a Giredi 9 anali ngati licero. Malo ku sekondale anali ocepa, cotero boma linali kuika malire a mamaki, ndipo wosafika pa malirewo anali kubwerera kumunda ngakhale anali wanzeru. Amene anapulumuka licero loyambali anakumana ndi lina, la ndalama. M'zaka za m'ma 1990 makolo anauzidwa kuti athandizane ndi boma kulipirira maphunziro, ndipo banja lodalira thonje kapena kamunda ka mpunga linayenera kusankha mwana mmodzi womutumiza. Mukudziwa nokha kuti nthawi zambiri anali kusankha yani. Mtsikana amene anatenga pathupi anali kucotsedwa sukulu kotheratu, mpaka mu 1997 pamene boma linalola kuti azibwerera akabereka.

Tsono ganizirani kalasi ya Giredi 12 ya masiku amenewo. Munali ana opetedwa kawiri kapena katatu, anyamata ambiri kuposa atsikana. Kalasi yotere ikakhoza bwino sizodabwitsa. Olephera ace anatsala kale panjira, ndipo maina awo sanalembedwe pa pepala lomatidwa pa khoma la ofesi ya aphunzitsi aakulu.

Nyama za m'thengo nazo zinasintha nkhope za m'kalasi. Mu 1950 a Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo oti alendo azidzaonerako nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala National Park. Mfuwe inakula. Kunabwera ogwira nchito m'malo ogona alendo, pa bwalo la ndege ndi m'maofesi a zanyama, ena ocokera ku Lusaka kapena ku Migodi. Ana awo anakhala benci imodzi ndi ana a alimi ndi asodzi. Uyu analeredwa m'nyumba momveka Cingerezi. Uyo kwawo amalankhula Cikunda, anayamba sukulu m'Cinyanja, ndipo mayeso onse aakulu, kupatula a cinenero, adzalemba m'Cingerezi. Pepala la mayeso ndi limodzi kwa onse awiri, ndipo wolephera Cingerezi salandira School Certificate ngakhale atakhoza masamu. M'zaka za m'ma 1980 a Carr anayamba kulipirira ana ena sukulu, ndipo pambuyo pace mabungwe monga Project Luangwa anathandiza kumanga makalasi ndi nyumba zogonamo ana a sukulu.

Nyumba zogonamozi musazione mopepuka. Sukulu yoyendera ndi yabwino kwa amene ali pafupi. Wa kutali amadzuka kusanace, nthawi zina nadikira kuti njobvu zicoke panjira, ndipo m'dzinja mitsinje monga Lupande ikasefukira amajomba masiku angapo. Ena amacita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, akudziphikira okha ufa wocokera kwawo, popanda wamkulu wowayang'anira. Atsikana ambiri maphunziro awo anathera m'tinyumba timeneti.

Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro a Giredi 1 mpaka 7, ndipo mu January 2022 boma la a Hakainde Hichilema linawacotsanso m'masekondale a boma, kupatula ndalama za ogonera pasukulu. Anthu a m'boma la Mambwe nawonso anaculuka: mu 2010 sanakwane 70,000, koma pa kalembera wa 2022 anapitirira 100,000. Ana amene kale akanatsala kumunda analowa m'kalasi, ena atakula kale, ena ali ndi mwana kunyumba. Madesiki, mabuku ndi zida za sayansi sizinaculuke pa liwiro lomwelo. Ine ndiona kuti sukulu imene yalandira ana 100 nikhozetsa 60 yacitira dera lace zambiri kuposa imene inasankha 30 nikhozetsa 28, ngakhale kuti pa peresenti yaciwiriyi ndiyo imaombedwa m'manja.

Tsopano zinthu zasinthanso. Mu 2025 dzina la Fomu 1 linabwerera m'masekondale, ndipo ana amene analowa caka cimeneco adzalemba mayeso a Fomu 4 mu 2028. Ena mwa inu muli m'gulu limenelo.