Mmene matenda a mgonagona amasinthira maonekedwe a munthu

Matenda a mgonagona, omwe munthu amakhala nawo kwa miyezi yambiri kapena moyo wake wonse, amasintha thupi, khungu ndi nkhope kotero kuti msinkhu womwe wodwala amaoneka nawo umasiyana ndi zaka zake zenizeni. Akuluakulu ambiri amaoneka okalamba msanga, pomwe ana odwala amaoneka aang'ono kuposa anzawo obadwa nawo chaka chimodzi.

Chifukwa chachikulu ndi kutha kwa mnofu ndi mafuta a m'thupi. Thupi likamalimbana ndi matenda kwa nthawi yaitali limagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, chikhalirecho wodwala alibe chilakolako cha chakudya. Masaya amalowa, maso amaoneka ngati abwerera m'kati, khungu limachita makwinya ndipo tsitsi limapepuka. Izi zimaoneka kwa odwala chifuwa chachikulu cha TB, khansa, komanso matenda a shuga omwe sakulandira chithandizo. Matenda a impso ndi a mtima amatupitsa miyendo, ndipo a chiwindi amachititsa maso chikasu.

M'chigawo chino, matenda a Edzi ndiwo adaonetsa poyera kusinthaku. M'chaka cha 1985 madokotala a ku Uganda adalemba za nthenda yomwe anthu kumeneko ankaitcha Slim chifukwa choondetsa odwala, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia idadziwika kuti kaliwondewonde. Achipatala amati kuondako kwafika poopsa ngati munthu wataya gawo loposa limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, uku akutsegula m'mimba kapena kutentha thupi kwa mwezi wathunthu.

Mankhwala a ma ARV, omwe boma la Malawi lidayamba kupereka mwaulere m'chaka cha 2004, adabwezeretsa matupi a anthu ambiri. Komabe mankhwala a stavudine, omwe anali m'mbulu wa Triomune, ankasungunula mafuta a kumaso, m'mikono, m'miyendo ndi m'matako. Munthu ankapeza bwino koma nkhope yake n'kukhala ngati ya nkhalamba, ndipo ena ankasiya mankhwala poopa kuti anansi awazindikira. M'chaka cha 2009 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza maiko kuti asiye pang'onopang'ono mankhwalawa, ndipo m'malo mwake mudalowa tenofovir. Mafuta a kumaso akatha mwa njira imeneyi sabwerera msanga, ndipo kwa ena sabwereranso.

Mankhwala a dolutegravir, omwe bungwe la WHO lidawaika patsogolo m'chaka cha 2019, ali ndi vuto losiyana. Kafukufuku wotchedwa ADVANCE, yemwe adachitikira ku Johannesburg, adapeza kuti ambiri omwe amawamwa amanenepa, makamaka amayi. Mankhwala ena amasinthanso maonekedwe: prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, clofazimine wa TB yosamva mankhwala amadetsa khungu, ndipo mankhwala ena a khansa amathothola tsitsi.

Kwa ana nkhani imatembenuka. Mwana wobadwa ndi kachirombo ka HIV yemwe adachedwa kuyamba mankhwala, kapena wodwala nthenda ya magazi ya sickle cell, kawirikawiri amapinimbira ndipo amachedwa kutha msinkhu. Mnyamata wa zaka 16 angaoneke ngati wa zaka 12, ndipo ena amanyozedwa nazo kusukulu. Ana a sickle cell ambiri amadzakula ndithu, ngakhale mochedwa.

Akatswiri amaona kuti msinkhu wa maonekedwe uli ndi tanthauzo pa umoyo. Kafukufuku wa ku Denmark, yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2009 motsogozedwa ndi Kaare Christensen, adatsata mapasa 1,826 a zaka 70 kapena kuposerapo. Anthu adapatsidwa zithunzi zawo kuti ayerekeze zaka, ndipo zidapezeka kuti pa mapasa awiri, wooneka wamkulu ndiye kawirikawiri ankatsogola kumwalira.

Ngakhale zili choncho, maonekedwe si muyeso wa matenda. Munthu angakhale ndi kachirombo ka HIV kwa zaka zambiri ali wonenepa bwino, ndipo kuthamanga kwa magazi sikuoneka pankhope konse. Kuonda nakonso kungabwere ndi njala, shuga kapena nkhawa. Chizolowezi choloza anthu chala potengera thupi lawo chachititsa ena kusalidwa pa matenda omwe alibe, ndipo ena kudziyesa amoyo pomwe akudwala.

Achipatala amalangiza kuti munthu amene akuonda popanda chifukwa, kutupa, kapena kusintha khungu apite kukayezetsa, ndipo amene akuona kuti mankhwala akumusintha thupi asawasiye yekha koma akafotokoze kuchipatala, poti nthawi zambiri pamakhala ena omwe angalowe m'malo.