Mmene Pulofayilo Yotaya Inayambira pa Ntchito Yoyesa Mawebusaiti

Browser iliyonse, kaya Firefox kaya Chrome, imasunga za mwini wake mu foda imodzi yotchedwa pulofayilo. Mmenemo mumakhala ma cookie, mapasiwedi, mndandanda wa masamba amene anatsegulidwapo, ndiponso zithunzi ndi mafayilo ena osungidwa kuti tsamba lidzatseguke msanga ulendo wina. Kukumbukira kumeneku kunayamba kale. Mu 1994 Lou Montulli wa ku kampani ya Netscape anayambitsa ma cookie kuti webusaiti izizindikira kuti amene wabwera tsopanoyu ndi yemwe uja anabwera poyamba. Wogula katundu pa intaneti zimenezi zimamuthandiza, koma woyesa mawebusaiti zimamusokoneza, chifukwa mayeso amadalirika pokhapokha akamayambira pamodzimodzi nthawi zonse. Kuyesa ngati munthu angalowe mu akaunti yake n'kopanda phindu ngati browser inalowamo kale dzulo. Zili ngati kulawa ndiwo zophikidwa mumphika wosatsuka.

Mu 2004 Jason Huggins, amene ankagwira ntchito ku ThoughtWorks mumzinda wa Chicago, analemba kapulogalamu koyesera webusaiti ya kampaniyo imene antchito ankalembapo maola awo ndi ndalama zimene awononga. Kapulogalamuko n'kamene kanadzakhala Selenium. Kanalembedwa mu JavaScript ndipo kankayenda m'kati mwa browser imene woyesayo anali nayo kale, pamodzi ndi zonse zimene inkakumbukira. Kufufuta ma cookie ndi zotsalira zina inali ntchito ya woyesa mwini.

Zinthu zinasintha pamene Paul Hammant ndi anzake anakonza Selenium RC. Browser simalola JavaScript yochokera pa webusaiti ina kukhudza masamba a webusaiti inzake, ndiye iwo anaika seva pakati pa browser ndi webusaiti yoyesedwayo kuti zonse zizioneka ngati zikuchokera kumodzi. Kuti browser izidzera pa seva imeneyi, pankafunika kusintha makonzedwe ake. M'malo mowononga pulofayilo ya mwini kompyuta, Selenium RC inkapangira Firefox pulofayilo yatsopano mu foda ya mafayilo osakhalitsa, dzina lake loyamba ndi customProfileDir. Internet Explorer inalibe mwayi umenewu. Makonzedwe ake ankakhala mu Windows momwemo, choncho Selenium inkawasintha n'kuwabwezeretsa pomaliza. Mayeso akafera panjira, kompyuta inkatha kutsala ikufunafuna seva imene yazima kale, mwini wake n'kumadabwa kuti intaneti yapita kuti.

WebDriver, imene Simon Stewart anayamba cha mu 2007, inkalamula browser kuchokera kunja. Ntchito ziwirizi zitaphatikizidwa, Selenium 2.0 inatuluka mu July 2011, ndipo kuyambira pamenepo pulofayilo yotaya inangokhala mwambo. Poyesa ndi Firefox, inkapangidwa foda yoyamba ndi mawu akuti anonymous n'kuthera ndi webdriver-profile. ChromeDriver, imene imayendetsa Chrome, nayo imapanga mafoda oyamba ndi scoped_dir pa Windows. Komabe pulofayilo yopanda kanthu siyenerera mayeso onse. Ena amafuna satifiketi yachitetezo ya kampani, ena amafuna kuti mafayilo okopedwa pa intaneti azigwera mu foda inayake popanda browser kufunsa. Oyesa ankakonzeratu pulofayilo yachitsanzo, Selenium n'kumaikopera ulendo uliwonse, ndipo ngati browser ili pa kompyuta ina, inkaipanikiza kukhala fayilo ya zip n'kuitumiza kumeneko. Amene ankapereka pulofayilo yake ya tsiku ndi tsiku, yodzaza ndi zotsalira za miyezi yambiri, ankakopera katundu yenseyo pa mayeso aliwonse.

Apa mpamene panabadwira vuto limene lavutitsa ntchitoyi kwa zaka zambiri: ndani asese? Selenium ili ndi malamulo awiri ooneka ngati ofanana. Lakuti close limatseka windo limene lili patsogolo, pamene lakuti quit limathetsa zonse ndi kupereka mpata woti foda yosakhalitsa ifufutidwe. Woyesa akaiwala quit, kapena mayeso akagwa asanafike pa mzere umenewo, kapena seva yoyendetsa mayeso monga Jenkins ikawadula chifukwa achedwa, foda imatsala. Foda imodzi si nkhani. Koma pa kompyuta yoyendetsa mayeso usana ndi usiku, mafoda amaunjikana mpaka disiki kudzaza, ndipo mayeso amayamba kulephera pa zifukwa zosakhudza webusaitiyo ngakhale pang'ono. Choipa kwambiri n'chakuti gulu likazolowera kulephera kotereku limaleka kukhulupirira mayeso ake, ndipo tsiku limene mayeso agwira cholakwika chenicheni palibe amene amatekeseka.

Palinso nkhani ya loko. Pulofayilo imodzi siingagwiritsidwe ntchito ndi ma browser awiri nthawi imodzi. Firefox pa Windows imaika fayilo yotchedwa parent.lock, Chrome pa Linux imaika SingletonLock. Mayeso awiri a pa Chrome akalozedwa ku foda imodzi kudzera mu --user-data-dir, achiwiriwo amakanidwa. Pa Windows, foda simafufutika ngati browser imene inaitsegula ikadali moyo chakumbuyo.

Firefox 48 itatuluka mu August 2016 inaleka kulandira zowonjezera zosasainidwa ndi Mozilla, ndipo njira yakale yoyendetsera Firefox, imene inkadalira chowonjezera chotere, inathera pomwepo. M'malo mwake munabwera geckodriver, yolembedwa mu Rust, imene mafoda ake amayamba ndi rust_mozprofile. Dzina linasintha, zinyalala zinali zomwezo. Oyesa anaphunzira kuika quit pamalo amene amayenda zivute zitani, ndi kupatsa ntchito iliyonse foda yakeyake ya mafayilo osakhalitsa. Ena ankaika pulogalamu yosesa usiku, imene ikakhala yosasamala inkafufutanso pulofayilo ya mayeso amene akuyenda.

Docker, imene inatuluka mu 2013, inabweretsa njira ina: browser iziyenda mu kontena yoti mayeso akatha itayidwe yonse ndi za m'kati mwake. Nayo inali ndi msampha wake. Malo otchedwa /dev/shm mu kontena amangokhala 64 MB ngati munthu sanawakulitse, ndipo Chrome imagwa ikawadzaza. Ambiri amauzemba ndi --disable-dev-shm-usage, imene imachititsa Chrome kulemba mu /tmp m'malo mwake.

Mu 2017 Chrome 59 inayamba kuyenda popanda kuonetsa windo, ndipo chaka chomwecho Google inatulutsa Puppeteer, chida choyendetsera Chrome. Playwright ya Microsoft, ya mu 2020, inakhazika ntchito yake pa chimene imachitcha context: browser imodzi imatseguka kamodzi, koma mayeso aliwonse amalandira chigawo chawochawo chokhala ndi ma cookie akeake, chimene chimatha mayesowo akatha. Kupanga chigawo chotere n'kwachangu kuposa kukopera foda. Poti kulowa mu akaunti pa mayeso aliwonse kumadya nthawi, Playwright imalola kusunga ma cookie a munthu wolowa kale mu fayilo ya JSON n'kumawapatsa mayeso otsatira. Fayilo imeneyi ndi kiyi weniweni wa akauntiyo, n'chifukwa chake siyenera kuikidwa mu Git pamodzi ndi pulogalamu.

Ngozi yomweyi inachititsa Google kukhwimitsa malamulo mu 2025. Akuba ankagwiritsa ntchito khomo lolamulira Chrome kuchokera kunja, lomwelo limene zida zoyesera zimadzera, pofuna kuba ma cookie a anthu. Kuyambira pa Chrome 136, khomo limeneli silitseguka pa pulofayilo ya tsiku ndi tsiku. Woyesa ayenera kuloza browser ku foda ina ndi --user-data-dir.