Sukulu ya pa Phiri la Khondowe

M'caka ca 1894 Dotolo Robert Laws anakwera ku Khondowe, kuthawa malungo a m'mbali mwa nyanja, nakhazikitsa sukulu ya Overtoun. Anafuna kuti Mau a Mulungu afalitsidwe ndi eni dziko okha. Tsiku linali kuyamba ndi mapemphero. Atatha, ena analowa m'kalasi, ena kopala matabwa, kosema miyala kapena kosindikiza mabuku. Ngakhale mnyamata wodziwa Cingelezi sanaloledwe kunyoza khasu.

Koma ophunzira sanatsate onse njira imodzi. David Kaunda, atate wace wa Kenneth Kaunda, anatumidwa kukalalikira kwa Abemba ku Chinsali mu 1904. Clements Kadalie anafika ku Cape Town, nayambitsa bungwe la anchito mu 1919, cinthu cimene aphunzitsi ace sanacilote konse.