Ubale wa ma Water Board: ndi chiyani, nanga ife a kumpopi timapindula nawo bwanji?

Nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi kuti Water Board yakutiyakuti yasainirana mgwirizano ndi kampani ya madzi ya kunja. Zithunzi amajambula, manja amagwirana, koma ambirife timangoti ndi za mabwana zimenezo. Ine ndati lero ndiyale nkhaniyi poyera, chifukwa ikukhudza ndowa yanu ndi bilu yanu yomwe.

Ubalewu ndi wotani?

Pa Chingerezi amautcha Water Operators' Partnership, mwachidule WOP. Bungwe lopereka madzi mumzinda wina limagwirana manja ndi linzake la mzinda wina kuti aphunzitsane ntchito. Wa mapaipi amaphunzira kwa wa mapaipi mnzake, wowerenga mamita kwa wowerenga mamita mnzake. Lamulo lake lalikulu ndi loti wothandizayo asabwere kudzapanga phindu. Choncho si kugulitsa Water Board kwa azungu ayi, monga ena amaopera.

Ganizoli linatchuka mu 2006 kudzera mu ndondomeko ya gulu la alangizi a mlembi wamkulu wa United Nations pa nkhani za madzi, lomwe ankalitsogolera Ryutaro Hashimoto, nduna yaikulu yakale ya Japan. Mu 2009 kunakhazikitsidwa bungwe la GWOPA pansi pa UN-Habitat kuti lizilimbikitsa maubale oterewa pa dziko lonse.

Kuno kwathu ndani ali pa ubale ndi ndani?

Kutsatira lamulo la Waterworks Act la 1995, Malawi ili ndi ma Water Board asanu: Lilongwe, Blantyre, ndi atatu a m'zigawo za Kumpoto, Pakati ndi Kumwera. Onsewa ndi a boma.

Bwenzi lawo lodziwika kwambiri ndi VEI, bungwe lomwe linayambitsidwa ndi makampani awiri a madzi aku Netherlands, Vitens ndi Evides. Kuyambira 2009, VEI inagwira ntchito ndi Lilongwe komanso Blantyre Water Board pa pulojekiti yofikitsa madzi m'madera a anthu opeza zochepa, ndi ndalama za European Union ndi European Investment Bank. Poyamba paja inali kontirakiti yolipidwa, koma ubale unapitirira kudzera mu WaterWorX, ndondomeko ya boma la Netherlands ndi makampani awo a madzi yomwe inayamba mu 2017 ndipo ikuyenera kufika 2030. Nawonso akatswiri a madzi a mzinda wa Yokohama ku Japan akhala akubwera kuno kudzera ku JICA.

Sikuti mphunzitsi amayenera kuchokera kutsidya kwa nyanja nthawi zonse. Durban inathandizapo Bulawayo, ndipo bungwe la madzi la ku Uganda, NWSC, laphunzitsa anzake ambiri mu Africa muno.

Ntchito yeniyeni: kusaka madzi osowa

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Water Board ikayeretsa madzi n'kuwatumiza m'mapaipi, si onse omwe amasanduka ndalama. Ena amatayika paipi ikaphulika kapena ikamadontha pansi pa nthaka. Ena amabedwa ndi olumikiza mwachinyengo. Ena amadutsa pa mita yokalamba yomwe inasiya kuwerenga bwino. Ku Blantyre, zaka zina madzi osowa motere akhala akufika pafupifupi theka la onse opangidwa.

Taganizirani ulendo wa madzi a ku Blantyre. Ambiri amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kenako amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka kuti afike mtauni. Makina opopawo amadya magetsi a ESCOM a ndalama zankhaninkhani. Ndiye dontho lililonse lotayika pa Ndirande kapena pa Bangwe ndi lolipiridwa kale: mankhwala, magetsi, malipiro a antchito. Amabweza ndalamazo ndani? Inu ndi ine, mitengo ikakwera.

Abwenzi aja akabwera amaphunzitsa zinthu zosaoneka pa chithunzi. Amagawa tauni m'zigawo zing'onozing'ono, chigawo chilichonse n'kuchiikira mita yaikulu pa paipi yolowera. Usiku wa manda, cha m'ma 2 kapena 3 koloko anthu ali mtulo, amaona madzi omwe akulowabe m'chigawocho. Akakhala ambiri, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo amisiri amayenda ndi zida zomvetsera pansi mpaka atapapeza. Amaikanso mavavu ochepetsa mphamvu ya madzi kumadera otsika, chifukwa madzi akamathamanga mopitirira, mapaipi akale amang'ambika pomwe a kumtunda ali pouma. Kuwonjezera apo pali kujambula mapu a mapaipi onse pa kompyuta, kusintha mamita otopa, ndi kukonza kaundula wa makasitomala.

Zimathekadi? Ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, mu 1993 ankataya madzi oposa 70 pa 100 alionse. Pansi pa utsogoleri wa Ek Sonn Chan, komanso ndi thandizo la amisiri a mzinda wa Kitakyushu ku Japan, anatsitsa mpaka kuchepera 10 pa 100. Koma dziwani kuti alendowo anangoonetsa njira. Omwe anadula mapaipi akuba ndi kukakamiza akuluakulu kulipira mabilu anali eni mzinda.

Nanga za zimbudzi?

Mbali iyi imatsalira m'mbuyo. Kwa zaka zambiri masuweji akhala m'manja mwa makhonsolo, ndipo amafika m'madera ochepa okha. Ambirife ku Mtandire, Kauma, Mbayani ndi kwina timadalira zimbudzi zokumba, kawirikawiri moyandikana ndi zitsime. Mpopi ukauma masiku atatu, anthu amathamangira kuzitsime zomwezo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ubale wokamba za madzi akumwa okha osakhudza kopopera ndi kotaya zam'chimbudzi, kwa ine ndi wa mwendo umodzi.

Zomwe ubale sungachite

Sungamange damu. Lilongwe ikudalirabe madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde pomwe anthu akuchulukirachulukira, ndipo ntchito zikuluzikulu zimafuna ngongole za mabanki monga World Bank. Sungaletse kudula mitengo ku Dzalanyama komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira. Sungalipire ngongole za madzi zomwe nthambi za boma zimasunga kwa nthawi yaitali. Ndipo mmisiri wophunzitsidwa bwino akasiya ntchito, luso limapita naye ngati sanaphunzitse anzake.

Mafunso oti tizifunsa

Mukamva za mgwirizano wina watsopano, kaya pa msonkhano wa khansala kaya wa komiti yoyendetsa makiyosiki, funsani izi:

Madzi osowa anali angati pa 100 poyamba, ndipo pano ndi angati?

Dera lathu likulandira madzi maola angati pa tsiku?

Paipi ikaphulika, amatenga nthawi yotalika bwanji kuti aikonze?

Mtengo wa ndowa pa kiyosiki ukusiyana bwanji ndi womwe amalipira wa mpopi wa m'nyumba?

Alendo akapita, ndani apitirize ntchitoyi, ndipo ndi ndalama ziti?

Nafenso tili ndi gawo lathu. Mukaona madzi akutumphuka pamsewu, imbirani a Water Board tsiku lomwelo, musadikire kuti wina aimba. Ndipo mnansi wolumikiza mobera sakubera boma lokha. Akuchepetsa madzi a mumzere wanu womwewo.