MBIRI YA CIRONDA COOLA

Kumpoto kwa phiri la Mulanje kuli phiri lina lochedwa Michesi. Pakati pa mapiri awiriwa pali mpata umene kale unali njira ya ogula akapolo. M'caka ca 1893 Boma la Angerezi linamanga linga pampatapo kuti litseke njirayo, nalicha Fort Lister, potsata dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa Boma ku London. Koma masiku omwewo kunali Lister wina, dotolo, amene sanapondepo dziko lino. Iyeyu anatseka njira yina, njira imene imfa inkalowera m'thupi la munthu, ndiyo cironda.

KALE M'ZIPATALA

Nthenda imene madotolo amati gangrene ndiyo kufa kwa mnofu mwini wace ali moyo. Kale nthendayi inali yoopsa ngakhale ku Ulaya. Munthu akathyoka mwendo, pfupa nkuturukira kunja, kawiri-kawiri cironda cinkaola, ndipo dotolo ankangodula mwendowo. Ambiri ankafa ndithu ngakhale atawadula. Madotolo ankayesa kuti coipa ndi mpweya wonunkha wa m'zipatala, osadziwa kuti manja ao ndi mipeni yao ndizo zinkanyamula nthenda kucoka kwa wodwala uyu kunka kwa uyo.

Joseph Lister ankagwira nchito m'cipatala ca ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Iye anawerenga zimene anapeza Louis Pasteur wa ku France, kuti cinthu cikamaola ndiye kuti muli tizirombo tosaoneka ndi maso. M'mwezi wa August 1865 anabwera naye mnyamata wa zaka 11 amene gareta linamponda mwendo. Lister sanaudule ai. Analunzanitsa pfupa, naphimba cironda ndi nsaru yobviika m'mankhwala a carbolic, akupha tizirombo. Patapita masabata 6 mnyamatayo anaturuka akuyenda ndi miyendo yace yonse iwiri. M'caka ca 1867 Lister analengeza njira yace kwa madotolo anzace. Poyamba ambiri anamtsutsa, koma pang'ono-pang'ono mwambo wosamba m'manja ndi kuyeretsa zipangizo unafala m'zipatala za dziko lonse.

MITUNDU ITATU

Mtundu woyamba ndi kuola kouma. Kumadza pamene mwazi waleka kufika ku cala kapena kuphazi. Malowo amazizira, amacita dzanzi, kenaka amada bii ndi kufota ngati nthambi youma. Kumagwira makamaka okalamba, osuta fodya ndi odwala nthenda ya shuga. Kumanga mwendo kolimba ndi luzi munthu atalumidwa ndi njoka kungathe kuubweretsanso, pakuti mwazi umasowa podzera.

Waciwiri ndi kuola konyowa, kumene tizirombo talowa mumnofu. Mwendo umatupa, pamaturuka matuza ndi madzi onunkha, khungu limasanduka mtundu, ndipo thupi limatentha. Kuola kumeneku kumakwera msanga, ndipo ululu wace ukalowa m'mwazi munthu amafa.

Wacitatu ndiwo woopsa koposa. Tizirombo tace timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda cironda cakuya cosafikako mpweya. Tikamadya mnofu timaturutsa mpweya wathu-wathu pansi pa khungu, kotero kuti dotolo akadina ndi cala amamva kuthetheka. Kupweteka kwace kumaposa kukula kwa cironda. Munthu amene anali bwino m'mawa angathe kumwalira mawa lace.

ZIMENE NKHONDO INAPHUNZITSA

Pa nkhondo ya Ajeremani ya 1914 mpaka 1918 asilikari ku France ndi ku Belgium ankamenyana m'maenje okumbidwa m'minda yothiridwa manyowa. Zipolopolo zinkalowetsa dothi ndi zidutswa za malaya m'kati mwa mnofu, ndipo mtundu wacitatu uja unapha anthu osawerengeka. Pamenepo madotolo anaphunzira kuti kupaka mankhwala pamwamba sikukwanira. Ayenera kudula ndi kucotsa mnofu wonse wakufa, kutsuka bwino, ndi kusiya cironda cosasoka kufikira citayera. Kuno kwao, amuna ambiri a Nyasaland anatengedwa pa nchito ya tenga-tenga, nayenda mitunda yaitali opanda nsapato, ndipo zironda za m'miyendo zinawasautsa kwambiri.

M'caka ca 1928 Alexander Fleming anapeza penicillin ku London, ndipo pa nkhondo yaciwiri mankhwalawa anayamba kugwira nchito pakati pa asilikari obvulala. Kuyambira pamenepo dotolo ali ndi zida zitatu: ukhondo, mpeni ndi mankhwala akupha tizirombo m'mwazi. Koma palibe mankhwala odzutsa mnofu umene wafa kale. Ngati kuola kwapita patali, amadula cala kapena mwendo kuti apulumutse moyo.

NAPOLO WA KU MICHESI

Anthu a ku Phalombe adziwa zironda zonga za kunkhondo ngakhale kunalibe mfuti. Pa 10 March 1991, itagwa mvula yaikuru, napolo anatsika m'phiri la Michesi. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikuru ngati nyumba zinakokolola midzi, minda ndi milatho, ndipo anthu mazana ambiri anafa. M'mwezi wa March 2023 namondwe wochedwa Freddy anabweretsanso tsoka lotere ku Phalombe, ku Mulanje ndi m'maboma ena a kumwera. Miseu inaduka, ndipo obvulala ena anakhala masiku asanaonane ndi dotolo.

Cironda ca napolo ndico cimene tizirombo tija timafuna: mnofu wophwanyika ndi mwala, wodzala matope ocokera m'makola ndi m'zimbudzi. Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Koma wopulumuka ali ndi bala lakuya asafulumire kunena mauwo ngakhale madzi atapita, pakuti ngozi yaciwiri iri m'mwendo mwace.

Cotero wobvulala atsuke bala ndi madzi oyera ndi sopo, aliphimbe ndi nsaru yocapa, osathirapo dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo anyamulidwe kunka kucipatala tsiku lomwelo. Ku Phalombe kuli cipatala ca mishoni ca Holy Family ndi cipatala ca Boma, ndipo nthenda ikakula amatumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala shuga aziyang'ana mapazi ace tsiku liri lonse, cifukwa minga ingamlase iye osamva.

Nzeru ya Lister, phunziro la kunkhondo ndi mankhwala a Fleming zonse zafika m'tsinde mwa Michesi. Catsala ndi cimodzi cimene dotolo sangacite yekha, ndico kufikitsa wodwala pa nthawi yace. Abale amene anyamula munthu wao pamene cala cangoyamba kuda amabwera naye akuyenda. Amene adikira pfungo amabwera naye pa ndodo, kapena sabwera naye konse.