Denga la Mkazi Wamasiye kwa Mbenje

M'dziko la Mfumu Mbenje, kumene Shire amayenda mwaulesi asanakafike ku Nsanje, nyumba ya kale inali ya mitengo, bango ndi dothi, ndipo pofika mwezi wa Okutobala, pamene chiswe chinali chitadya nsichi ndi phaso, mkazi wolera yekha ana, kaya mwamuna anamwalira kaya anatsakamira ku migodi ya ku Joni, ankayang'ana mitambo ndi mtima wolemera. Kumweta udzu, kumata ndi kuzira inali ntchito yake. Koma kukwera padenga, mwa mwambo wa Amang'anja ndi Asena, kunali kwa amuna.

Pamenepo ankapita kwa nyakwawa, nagwada, nanena kuti, "Mfumu, ana anu agona pamvula." Akafulula mowa pang'ono, kapena kuphika nsima ya mapira, alamu ndi anansi ankabwera ndi nkhwangwa ndi luzi, ena kuponya mitolo, ena kufolera kuyambira m'munsi kuti madzi asapeze polowera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tisakometse zakale mopitirira: amene analibe chimera kapena abale ankadikira nthawi yaitali.

Malata ndi njerwa zootcha zitafika, mmisiri anayamba kufuna ndalama. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, kenaka namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, anagwetsa nyumba za mudzi wonse tsiku limodzi, kotero kuti wothandiza naye anasanduka wopempha, ndipo amasiye ambiri anakalembetsa maina ku misasa ya ku Bangula, kudikira malona ndi mapulasitiki.