Ana a sukulu amene anasunga miyambo ya ku Ireland

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, sabata ino ndakhala ndikuwerenga za miyambo ya masiku ya ku Ireland, ndipo chandigwira mtima ndi mmene inasungikira.

Pa 1 Febuluwale, tsiku la Brigid Woyera, anthu akumidzi ankaluka mtanda ndi udzu wa m'dambo wonga mlulu, n'kuupachika m'nyumba kuti moto usagwemo. Usiku woti mawa ndi tsikulo ankasiya kansalu panja, pokhulupirira kuti Brigid akamadutsa akadalitsa kuti kazichiritsa odwala.

Pa 1 Meyi, tsiku la Bealtaine, munthu sankagawira mnzake moto, mchere kapena mkaka. Ankati wopemphayo atenga mwayi wa pakhomo, ndipo mkaka wa ng'ombe zako sutulutsanso batala chaka chonse. Pakhomo ankamwazapo maluwa achikasu otchingira zoipa.

Ikadutsa Samhain, usiku wa pa 31 Okutobala, ana ankaletsedwa kudya zipatso zakutchire zonga mabulosi, ati mzimu wotchedwa púca wazilavulira. Kunena zoona, nyengo imeneyo zipatsozo zimakhala zitayamba kuola.

Zambiri mwa izi zikanapita kumanda ndi nkhalamba. Chiyankhulo cha Chiairishi chinali chitachepa mphamvu, makamaka itatha njala yaikulu imene inayamba mu 1845, pamene anthu ochuluka anafa ndipo ena anasamuka. Mu 1935 boma linakhazikitsa Irish Folklore Commission, yotsogozedwa ndi Séamus Ó Duilearga. Kuyambira 1937 mpaka 1939, ana opitirira 50,000 a m'sukulu za pulayimale pafupifupi 5,000 anatumidwa kukafunsa makolo, agogo ndi anansi awo. Analemba m'makope nthano, miyambi, mankhwala ndi miyambo ya masiku, ena m'Chingelezi, ena m'Chiairishi. Zolembazo zili ku University College Dublin, ndipo lero zidzukulu zimawerenga pa intaneti mawu a agogo awo.

Ntchito yonseyi inagwiridwa ndi aphunzitsi a kumudzi ngati ife, ndi ana a msinkhu wa ana athu. N'chifukwa chake Lolemba ndipatsa ana a m'kalasi mwanga ntchito iyi: akafunse agogo zimene zinkaletsedwa mvula yoyamba ikagwa kapena mwezi ukaoneka, alembe m'Chinyanja monga mmene agogowo anenere, osakonza mawu. Alembenso mudzi ndi tsiku. Amene muyese zomwezi kusukulu kwanu, mudzatiuze zimene ana abwera nazo.